Kapeti Yofiira ya Che Jaffalie

Tsiku loyamba limene Che Jaffalie anabwera kudzandiona, galimoto yawo inapitirira pakhomo pathu. Tinangoona pikapu yobiriwira ikudutsa, mkatimo bambo wa chikofiya choyera akuponda pansi mobwerezabwereza ngati akupha chinkhanira, mpaka inakaima pamlambe wa kwa aneba. Anabwerera chambuyo pang'onopang'ono, n'kutsika akumwetulira, ati amafuna aone kaye mmene mudzi wakulira. A mjomba anga, Che Ibrahimu, mlongo wawo wa amayi, anaseka mpaka kutsokomola. Nkhaniyo sinali yoseketsa, koma munthu wa galimoto sasekedwa pang'ono.

Ine ndine Ajira. Nthawi imeneyo ndinali nditangokhoza mayeso a JC, ndipo malo anga a Fomu 3 anali kundidikira. A mjomba anati ndawerenga zokwanira. Kwathu kwa Mponda mwini mbumba ndi mjomba. Bambo anga analipo, koma pankhani ya ukwati wanga ankangokhala pambali akusoka ukonde wawo ngati mlendo.

Che Jaffalie ankagula utaka ndi usipa m'madoko kuyambira ku Makokola mpaka ku Monkey Bay, n'kumakagulitsa ku Limbe. Analinso tcheyamani wa nthambi ya chipani, moti anyamata ofunsa makhadi pachipata cha msika akawaona ankaima njo. Mawu awo anali a munthu wozolowera kuti akalankhula ena aombe m'manja. Mkazi anali naye kale, mayi Amida.

Ndinene za ine. Ndine wamanyazi kuyambira ndili mwana, ndipo anthu ambiri ndimawadziwira kumapazi. Alendo akabwera ndimagwada, maso pansi, amayi n'kumanyadira kuti mwana wawo ngwaulemu. Sadziwa kuti pansipo m'pamene ndimanyozera anthu bwinobwino. Nkhope ya Che Jaffalie sindinkaidziwa kwenikweni, koma nsapato zawo ndinkazidziwa. Yakumanzere inkawala ngati galasi. Yakumanja inali yotuwa, yosupuka kumphuno ngati galu wa mphere, ngakhale ankaipaka polishi wochuluka. Ndinkati mumtima: munthu wofuna mkazi wachiwiri, walephera kusamala nsapato ziwiri.

Chimene ankanyadira koposa m'galimotomo sichinali injini, inali kapeti. Anaigula kwa munthu wogwira ntchito kuhotela, yofiira, yaubweya wautali, n'kuidula bwinobwino kuti ikwane pansi ponse kutsogolo. Kumbuyo kunkanunkha nsomba mpaka ntchentche kutsatira galimoto, koma kutsogolo ankafukizako ubani. Aliyense wokwera kutsogolo ankavula nsapato ngati akulowa mumzikiti, kupatula eni ake.

Vuto linali mabuleki. Kabotolo ka mafuta a mabuleki kamene kali pansi pa boneti kankangouma. Akathira lero, podzafika mulungu wamawa katsika. Chopondera chinafewa ngati papaya lakupsa, moti kuti galimoto iime ankachita kupopa ndi mwendo, pakamwa akutchula Mulungu. Chodabwitsa n'chakuti pansi pamene galimoto yagona sipankapezeka dontho ngakhale limodzi. A Simioni, makaniko wa pansi pa mtengo wa mango kuboma, anamasula mateyala onse, anatsatira timapaipi ndi zala kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, konse kunali gwa, kouma. Atapempha kuti asuzumire mkati, kumapazi kwa dalaivala, anayankhidwa kuti: "Ndi manja amenewo? Pakapeti yanga? Iwe ntchito yako ndi kunsi."

Ndiye Che Jaffalie anaganiza okha, ndipo anapeza yankho lowayenera. Mafuta otha osadontha, wina akuwamwa. Womwayo ndi mayi Amida, chifukwa cha nsanje, akufuna amuna awo akagwere mumtsinje wa Shire asanakwatire kamtsikana ka sukulu. Anamangirira chithumwa kuchiwongolero. Analengeza pamsika ponse, ngakhale pamsonkhano wa chipani, kuti mfiti ali nayo m'nyumba, ayipatsa talaka, mawu othetsa banja, ibwerere kwawo ku Namwera, ine ndikalowe m'nyumba yosesa. A mjomba anabwera nayo nkhaniyi ngati mphatso.

"Waona mwayi, Ajira? Ukakhala wekha. Anzako amalowa mitala."

"Ndamva, a mjomba," ndinatero. Mapazi awo anali ong'aluka zidendene ngati dambo la mwezi wa Okutobala.

Tsiku lokhazikitsa ukwati linafika. Ankhoswe a mbali zonse anakhala pamikeka pansi pa mtengo, amayi ambirimbiri ali kuseri kwa mpanda ngati akupeta mpunga, koma makutu ali kuno. Ine anandisambitsa, kundidzoza, kundiveka chitenje chatsopano. Zokambirana zikatha, galimoto inayenera kunyamula akuluakulu kupita kwa shehe kukapangana tsiku. Koma pofika mmawa umenewo inaimira pamulu wa mchenga wa a mjomba, chopondera chitalowa mpaka pansi. Anatuma mwana, ndipo posakhalitsa a Simioni anatulukira panjinga, masipanala akulira m'thumba.

Anadzaza kabotolo kaja, n'kupukuta manja pa ovolosi.

"Bwana, mwalowanso mpweya. Kabotolo kakauma, mpweya umalowa m'mapaipi, n'chifukwa chake buleki ikufewa. Tiuchotse, koma ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri. Ine ndikhala kunsi, wina akhale pampando azipopa. Ndikati popa, apope. Ndikati gwira, agwire."

"Ndiye ukuti ndani?"

"Inuyo bwana, poti ndinu..."

"Ine? Undikuwire iwe, pamaso pa apongozi anga? Popa, gwira, ngati ndine bulu wa pangolo?"

A mjomba anadzuka msangamsanga. "Ndipope ndine, a tcheyamani, mwendowu ngwamphamvu."

Che Jaffalie anangoyang'ana mapazi a a mjomba. A mjomba anakhalanso pansi akuseka okha. Maso a bwanayo anayenda pamapazi a amuna onse pamkekapo, mapazi a asodzi, mpaka anafika pa ine.

"Uyu wasamba. Alowe uyu. Azizolowera galimoto ya kwawo."

Amuna anaseka mokondwera. Ndinavula masilipasi, n'kukwera. Mpando unali wotentha, ubani ndi nsomba zikulimbana m'mphuno. Anandilozera chopondera chapakati. Ndinachita kukhala m'mphepete mwa mpando kuti phazi lifike.

"Popani, mayi!" anakuwa a Simioni ali kunsi. "Popani! Popaninso! Gwirani pompo, musasiye!"

Ndinagwira. Kunsi kunamveka fyoo, chopondera n'kumira pansi pa phazi langa.

"Siyani! Popaninso!"

Nditapondanso ndinamva kanthu kozizira katagwera pamwamba pa phazi. Ndinayesa thukuta. Ndinaponda kachiwiri, dontho lina, loterera, likutsetsereka kulowa pakati pa zala. Ndinachita chimene ndimachita masiku onse, ndinayang'ana pansi. Pamwamba pa chopondera pali kachitsulo kolowa m'khoma la galimoto kupita kuinjini. Kachitsuloko kanali konyowa, ndipo m'munsi mwake penti inali itasupuka mzere wautali mpaka kukalowa pansi pa kapeti. Ndinadinda kapetiyo ndi chidendene. Inalira tswii, ngati chinkhupule chosambira. Pompo ndinakumbukira nsapato yakumanja ija.

A Simioni anatuluka kunsi, n'kubwera pachitseko kudzafunsa ngati chopondera chayamba kulimba. Sanamalize funsolo. Anaona phazi langa likunyezimira, anatsatira ndi maso mpaka pakachitsulo paja, n'kutseka maso pang'ono ngati munthu woluma mchenga mumpunga.

"Masitala," ananong'ona. "Kampope kamene kamakankha mafuta. Labala yake yakumbuyo yatha, ndiye akudonthera mkati muno. Ndinkadziwa ine." Anayang'ana kumikeka, n'kutsitsanso mawu. "Mwana wanga, pukuta phazilo ndi chitenje, usanene kanthu. Ndiwakokera pambali, ndiwalozere mochenjera, aziti aona okha. Anthu awa sachititsidwa manyazi pagulu. Ine ndili ndi ana."

Sananame. Kuchinamwali cha nsondo anankungwi anatiphunzitsa zomwezo, kuti mkazi ndi nsalu ya mwamuna wake, akavulika umamufunditsa anthu asanaone. Ndinadziwa kuti ndikapukuta phazilo, pofika madzulo Che Jaffalie adzakhala akuuza anthu mmene anatulukira vutolo ndi nzeru zawo, ndipo a Simioni akadzawanong'oneza kuti mtsikana uja anaona koma anasunga pakamwa, adzati apeza mkazi weniweni. Ndinaona moyo wanga wonse uli pamenepo, ine ndikupukuta, iwo akulandira m'manja.

Ine amene kusukulu aphunzitsi ankachita kuwerama kuti amve yankho langa, ndinagwira ngodya ya kapeti, n'kukoka. Inali yolemera ngati chikopa chonyika. Ndinatsika nayo, ndipo poiimika, kumunsi kwake kunayamba kudontha pamchenga, aliyense akuona.

"A tcheyamani," ndinatero, ndipo mawu anatuluka okwera kuposa mmene ndinafunira, osweka ngati a tambala wophunzira kulira. "Amene akumwa mafuta si mayi Amida. Ndi kapeti yanuyi."

Amuna onse pamikeka anatembenukira kwa ine. Ngakhale opeta mpunga anasiya. Ndikanatha kulekera pomwepo, koma pakamwa pakatseguka mochedwa sipatsekeka msanga.

"Ina yamwa ndi nsapato yanuyo. Yakumanjayo."

Maso onse anatsikira kumene maso anga amakhala masiku onse. Che Jaffalie anayang'ana nsapato yawo, kenaka, munthu wamkulu, tcheyamani, anaibisa kuseri kwa mwendo winawo. Kuseri kwa mpanda wina analephera kudzigwira.

"Mayo ine! Ndiye talakayo apatsa kapeti?"

Chiphokoso cha amayi chinaphulika, ena kugwetsa malichero. Ngakhale nkhoswe wawo womwe anaphimba pakamwa ndi chikofiya. Bambo anga sanaseke. Anangoweramira ukonde wawo, mapewa akugwedezeka.

"Che Ibrahimu," anatero Che Jaffalie, "uyu ndiye mwana wofatsa munkanena uja?"

"Ndi ubwana chabe, a tcheyamani, timulanga. Ajira! Gwada!"

Ndinagwada. Kugwada sikunandivutepo.

"Asanalowe m'nyumba akundiyankha chonchi pamaso pa anthu. Nanga akalowa? Izi ndi zimene amaphunzira kusukuluko? Walahi, sungani mwana wanu. Akazi ali mbwee kuyambira pano mpaka ku Monkey Bay."

Anapita kugalimoto mwaukali, n'kutsegula chitseko, kenaka anakumbukira kuti siingaime. Anaima pamenepo atagwira chitseko. A Simioni, maso ali pansi ngati ine, anati kampope kaja ayenera kukamasula akakaikire labala ina kuboma, ndipo galimotoyo mwina igona pompano. Tcheyamani anachoka kwathu atakhala pakaliyala ya njinga ya makaniko, atakumbatira ovolosi yamafuta ija, miyendo ili tang'a. Kapeti anaisiya pamchenga. Palibe anaitola kufikira nkhuku zitayamba kuipalasa.

A mjomba sanandimenye. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine ndikuyang'ana zidendene zawo.

"Wadziwononga wekha. Ndani angakufunsire tsopano, nkhani imeneyi ikafika m'madoko? Pita kusukulu kwakoko ukakalambire komweko. Usadzandilirire."

"Ndamva, a mjomba."

Amayi anayamba kundichapira yunifolomu tsiku lomwelo, akuimba pang'onopang'ono.

Kutatsala pang'ono kuti sukulu itsegulidwe, ndinakumana ndi mayi Amida pamjigo. Ndinawadziwira kumapazi, zala zopaka utoto wa hina wosuluka. Ndinaganiza kuti mwina andithokoza, ndipo manyazi anayamba kale kundigwira posadziwa choyankha. Anatula ndowa yawo pafupi ndi yanga.

"Ndiwe Ajira?"

"Eya, mayi."

"Wanzeru uja." Anapopa madzi kwa kanthawi. "Katundu wanga ndinali nditamanga kale, ukudziwa? Achimwene anali atandikonzera nyumba ku Namwera. Kunangotsala Lachisanu lokha kuti andipatse talaka. Tsopano akuti andikhululukira."

Anasenza ndowa yawo okha, anakana kuti ndiwathandize. Atayenda pang'ono anatembenuka.

"Agula kapeti ina," anatero. "Yobiriwira. Wochapa ndine."