Mtsempha wa Radoje

Tsiku lopha nkhumba, Radoje anagwa pafupi ndi mphika wosungunulira mafuta. Mkazi wake Zagorka ankathira mchere panyama pamene anamva achibale akukuwa. Anamupeza atadzipinda pansi, atagwira kumanzere kwa mimba, nkhope ili mbuu.

Koma posakhalitsa munthuyo anadzuka n'kukhala pachitsa.

"Basi, zatha. Ndi mpweya chabe. Ndithirireni rakija."

"Mowa wa chiyani, nkhalamba yopanda nzeru iwe? Taona milomo yakoyo."

"Ukufulumira umasiye eti? Dikira kaye masoseji apse."

Anthu anaseka, koma Zagorka ayi. Kunkazizira mpaka madzi kuuma m'ndowa, komabe thukuta linkatsika pachipumi cha mwamuna wake. Anauza mlamu wake Milisav kuti alize galimoto.

Panjira yopita kuchipatala cha mumzinda wa Niš, Radoje anayamba ndi kunyoza mayendetsedwe a mng'ono wakeyo. Kenako anangoti phewa likumupweteka. Kenako anakhala chete.

Kuchipatala, dokotala wamkazi dzina lake Stamenković anayendetsa kachipangizo kounikira pamimba pake, n'kusiya mawu ali pakamwa. Anamuthamangitsira kumakina aakulu ojambula m'kati mwa thupi. Atatuluka anaitanira Zagorka pakompyuta.

"Mayi, uwu ndi mtsempha wopita kukapamba. Unatupa kalekale, lero waphulika. Choyera mukuchionachi ndi magazi amene akutuluka panopa."

"Koma anadzuka, adokotala! Amaseka!"

"N'zimene zikundiopsa. Magaziwo adzaza kathumba kena kuseri kwa chifu, ndiye adzitsekera okha. Kathumbako kakangong'ambika, athira mimba yonse."

Anati sang'amba mimba. Alowetsa kachubu kowonda m'mtsempha wa m'mphechepeche, azikalondola pazithunzi mpaka pobowokapo, n'kutsekapo ndi tiwaya topotana.

Akumukankha pabedi la matayala, Radoje anagwira mkono wa mkazi wake. Dzanja lake linali lozizira ngati mwala.

"Zago, ndikumva tulo."

"Usagone iwe! Wandimva?"

Makina ena analira, anamwino anayamba kuthamanga, chitseko chinatsekeka.

Zagorka anakhala pabenchi atavalabe epuloni, manja akununkha adyo. Namwino anadutsa ndi matumba a magazi osamuyang'ana. Anadutsanso ndi ena. Milisav ankangopita panja kukasuta n'kubwerera, mpaka dzuwa linapendeka.

Dokotala uja anatuluka pomaliza, chipewa chili m'manja.

"Tatseka. Kathumba kaja kanang'ambika tili m'kati kale. Apulumuka."

Zagorka anadzilemba mtanda. Koma dokotalayo sanachoke. Anakhala pabenchi pomwepo.

"Zithunzi zaonetsanso mtsempha wina wotupa, wopita kuchiwindi. Ndi wamng'ono, ndipo wakhala poipa. Kuugwira lero n'koopsa kuposa kuusiya. Tidzawajambulanso kukafunda, tione ngati ukukula."

"Ukakula chisanu chisanathe?"

"Akangomva kupweteka kulikonse, musadikire."

Radoje anabwerera kumudzi atawonda, koma pakamwa pali pomwepo. Ankauza aliyense kuti tsopano m'mimba mwake muli zitsulo kuposa m'thirakitala. Zagorka anamubisira nkhwangwa, ndipo malasha ankanyamula yekha.

Masana ena akukanda buledi, anazindikira kuti kuchipinda kwakhala zii kwa nthawi yaitali.

"Radoje?"

Palibe anayankha. Anaima ufa uli m'manja.

"Radoje!"

"N'chiyaninso? Munthu asaodzere?"

Zagorka anapitiriza kukanda, khutu lili kuchitseko.