Munda Wopanda Dzina pa Mndandanda

Mai Benedeta anayamba kukayika ataona njinga ya a Damiano, mlangizi wa zaulimi, itatsamira nthawi yaitali pamtengo wa mango kwa alamu awo, a Januario. Kalembera wa makomo anali atafika m'mudzimo, kuseri kwa Nsaru, ndipo mlangiziyo, amene ankalemba makomowo, pakhomo lililonse sankachedwa. Nanga kwa a Januario ankakambirana chiyani?

Maiwa anabwera m'mudzimo pachitengwa, kusiya kwawo ku Mpingu kutsata mwamuna. Mwamunayo anamwalira zaka zinayi zapitazo, ndipo munda umene analima naye zaka makumi awiri unali wa kuchimuna. Palibe anawathamangitsa, komanso palibe anawauzapo kuti mundawo ndi wawo.

A Damiano atafika anapereka moni mwaulemu, natulutsa foni yaikulu ya boma. Anafunsa za mbuzi, za denga, za kumene amatunga madzi. Atafika pa munda anawerenga mayankho anayi kuti maiwa asankhepo: wa makolo anu, wogula, walendi, wobwereka.

Mai Benedeta anafotokoza zonse, kuyambira tsiku limene apongozi awo anawalozera malire. Mlangiziyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka ananena kuti foniyo silandira nkhani, imalandira mawu a pa mndandanda basi. Anati maofesi onse anagwirizana mawu amodzimodzi, kuti zimene walemba wa zaulimi, wa zaumoyo ndi wa zamalo aziwerenga mofanana, anthu asamavutike kulembetsa kawirikawiri. Iwo ankanena monyadira, koma maiwa anafunsa:

"Ndiye a zamalo adzawerenga zimene mulembe lerozi, eti?"

"Adzawerenga, mayi. Ine ndikuona ngati 'wobwereka' ndiye akuyandikirako."

"Kodi wakuuzani ndani kuti ndinabwereka?"

A Damiano anaseka pang'ono, nati palibe, kwa a Januario anachedwa poona ng'ombe yotupa mwendo. Mwina zinali zoona, ng'ombeyo inkatsimphinadi. Koma Mai Benedeta ankaona kale tsiku lolembetsa malo, alamu awo ataimirira pabwalo akunena mofatsa kuti ngakhale boma likudziwa kuti mlamu anangobwereka.

Maiwa anapempha kuti aone okha mndandandawo. Kuwerenga anaphunzira ku sukulu ya kwacha, ndipo anatsata mizereyo ndi chala pang'onopang'ono. Pansi penipeni panali yankho lachisanu limene mlangiziyo sanawerenge: "zina".

A Damiano anakanda kumutu. Anati analisiya dala powafunira zabwino, chifukwa posankha olandira mbewu chaka chino makina a boma ayang'ana makomo amene munda wawo ukudziwika bwino, ndipo a "zina" angathe kudumphidwa.

"Mwina sakuonani n'komwe, mayi. Ganizani bwino."

Maiwa anayang'ana nkhokwe yawo, imene inali itatsika kale kufika m'chiuno. Mbewu ankaifunadi. Koma mbewu ndi ya chaka chimodzi, pamene mawu olowa m'foni ya boma sankadziwa kuti amatuluka liti, kapena amawatulutsa ndani.

"Lembani 'zina'. Mulembe ndikuona."

Mlangiziyo anadina, nawatembenuzira foniyo kuti atsimikize. Anawerenga kawiri. Atatsanzikana, Mai Benedeta anatenga khasu nalowera kumunda, ngakhale dzuwa linali litakwera kale, kukayamba kusosa chakumalire, kumbali yoonekera kwa a Januario.