Nkhope za Makatoni za a Lily

Pakamwa panga sipatsekeka, zimenezo ndimavomera. Nditasiya sukulu Sitandade 5, amayi anandichotsa kwathu ku Mitundu n'kunditumiza ku Nathenje kwa azakhali anga a Felesiya, amene ali ndi sukulu ya mkombaphala kuseri kwa tchalitchi. Mwezi womwewo kunabwera mtsikana wachizungu, a Lily, kuti aziphunzitsa tiana Chingelezi. Anali asanaphunzitsepo chibadwire. Ankakhala kwathu, ndipo ndi mantha chakudya sichinkawalowa, poti apampando a komiti ya sukuluyo, a Gilibati, anali atanena kale kuti makolo akangodandaula, mzunguyo abwerera kumene wachokera.

Lamlungu masana ndinawapeza pakhonde akudula makatoni a sopo. Ankapanga nkhope: ya mkango, ya njovu, ya nyani, maso atabooledwa, kumbuyo chingwe. Kuno nkhope yovala si choseweretsa. Ndi zakudambwe zimenezo, za gule, ndipo mkazi sazikhudza. Ndikanawauza, koma Chingelezi changa chimathera pa moni, ndipo azakhali anali kumaliro. Ndiye ndinanyamula ndowa kupita pamjigo, n'kunong'oneza amake Mayeso kuti mzungu wathu akusema zinyau. Iwo okha, ndithu.

Lolemba m'mawa ana makumi atatu anakhala pamphasa. A Lily anaimba nawo kanyimbo. Zinkayenda. Ine ndinali pakhomo, maso ali pa jumbo lomwe munali nkhope zija. Kenako a Lily anatembenukira kukhoma, n'kuvala ya mkango, n'kubangula.

Ana anabalalika ngati anapiye aona kabawi. Wina anagubuduza chidebe cha phala, kamtsikana kena kanadzikodzera pomwepo. Ndipo panja panali patadzaza kale anthu, poti nkhani yanga inali itazungulira mudzi wonse. Amayi a mvano ankati ana awo akuphunzitsidwa zachikunja. Azibambo a gule ankati mwambo waululidwa pamaso pa makanda, ndi mkazinso. Anthu amene sagwirizana pa chilichonse, tsiku limenelo anagwirizana kuti mzungu achoke. A Lily anangoima, katoni ili m'manja, nkhope yawo ili psuu, akubwereza liwu limodzi lomwe ankalidziwa bwino, lakuti pepani.

A Gilibati anafunsa kuti anthu anadziwa bwanji zisanachitike. Amake Mayeso anandiloza ndi mlomo.

"Iwe Thoko, nkhopezi unaziona dzulo?"

"Ndinaziona, bambo."

"Mlendoyu unamuchenjeza?"

"Ayi."

"Koma pamjigo unafikapo."

Ndinagwada, n'kunena zonse: kuti a Lily sankadziwa kanthu, ankangofuna ana adziwe mayina a nyama m'Chingelezi, ndipo zoti ndi zinyau ndinawonjezera ndine. Azakhali sanandiyang'ane n'komwe.

Akuluakulu anakambirana nthawi yaitali pansi pa mtengo wa mango. Nkhope zija anazipereka kwa azibambo aja, sindikudziwa kumene anapita nazo. A Lily anawapatsa mpaka Lachisanu: ana akapanda kubwerera, azilongedza.

Lachiwiri anabwera ana asanu ndi anayi okha, nawonso akukakamira zitenje za amayi awo. A Lily analira kuseri kwa kalasi. Azakhali anati poti pakamwa panga pamadziwa khomo lililonse, ndiyende khomo ndi khomo kukabweza zimene ndinamwaza. Ndinayenda. Kwina ananditukwana, kwina ananditsekera chitseko, kwina anandipatsa mwana kuti ndimubereke ndekha mpaka kusukulu.

Lachisanu a Gilibati anaima pakhomo akuwerenga mitu. Ine ndinkawerenga nawo chamumtima. Anafika pa makumi awiri ndi mmodzi. Anayang'ana a Lily amene ankajambula njovu pabolodi ndi choko. Kenako anauza azakhali kuti mlendoyo apitirize, ana otsalawo tiwaone Lolemba.