Matumba a Amake Germano

Amake Germano anali akusoka pakamwa pa thumba la mbatatesi, chingwe chili m'mano, pamene mlamu wawo Eugénia anatulukira kuseri kwa nkhokwe atagwira foni ngati khala la moto.

"Alamu, waimba Germano. Akuti kamiyau, galimoto yodzatenga matumba ija, sibwera."

"Yafa?"

"Ayi. Akuti buku lakana."

Analavula chingwe chija. Pabwalo ponse panali matumba, ena osoka, ambiri ali kukamwa yasa. Mbatatesi zonse za kudimba anali atakumba, n'kuzitsuka mpaka zala kuchita dzanzi ndi madzi a ku Zóbuè, chifukwa mwana wawo, amene ankagwira ntchito yogula zakudya za kantina ya anthu a kumgodi ku Moatize, anati kumeneko dothi salifuna. Tsono mbatatesi yotsuka ili ngati nyama: siidikira munthu. Mwezi wathawo anatumizako matumba oyesera, ophika n'kuyamikira. Lero buku lakana. Buku limadya mbatatesi?

Sanafunenso kumva za pafoni. Anamanga nsalu, n'kukakwera shapa, kaminibasi kopita ku Moatize.

Ananyamuka atavala juzi, anakafika thukuta lili kamukamu, fumbi la malasha likukukutika m'mano. Ofesi ya Germano inali chibokosi chachitsulo, chomwe chija amanyamulira katundu pa magalimoto aatali, angochiboola zenera n'kuikamo makina ozizira. Mwiniwake anali atakhala mmenemo, chikhadi chikulendewera m'khosi ngati mbuzi ya pamsika.

"Amayi, mwabwera? Bwanji osaimba?"

"Ndabwera kudzaona amene wakana mbatatesi zanga. Ali kuti?"

Germano anayang'ana kuchitseko, kenako analoza pakhoma. Panali pepala lomata, ndipo anawawerengera mutu wake m'Chipwitikizi n'kumasulira: mabuku amene wogula katundu aliyense ayenera kuwerenga. Analemba ndi shefi, bwana wawo watsopano, Dona Cármen wa ku Maputo. Lachisanu lililonse amakhala pansi kukambirana chaputala chimodzi, ngati Mphakati wa kutchalitchi, kungoti saimba nyimbo.

Mabukuwo anali pa alumali. Lina linali ndi chithunzi cha sitima ya panyanja yodzaza mabokosi, koma Germano nyanja sanaioneko. Lina linali ndi unyolo pachikuto. Lina, lachingerezi, linali lisanatuluke m'pulasitiki. Lalikulu kuposa onse anatsamiritsira mwendo wa tebulo.

"Ilo lokha ndiye lapeza ntchito," anatero amayiwo. "Lokana ndi liti?"

Germano anatenga la unyolo, n'kutsegula pamene anapinda.

"Apa akuti wogula asagule kwa m'bale wake. Akatero, mtima umakhala uwiri. Angathe kulandira zowola, kapena kukweza mtengo."

"Zanga zinali zowola?"

"Ayi, Amayi."

"Unakweza mtengo?"

"Ayi. Koma Dona Cármen akuti lamulo siliyang'ana nkhope. Akandigwira kachiwiri, ntchito yatha."

"Nanga anadziwa bwanji kuti ndine mayi ako? Ndinatumiza chithunzi?"

Germano anaseka kuseka kopanda mano.

"Matumba, Amayi. Munalemba chiyani pa matumba?"

Ku Zóbuè thumba lililonse lokwera galimoto limalembedwa dzina la mwini, kuopa kusokonezeka ndi a anzako. Ndipo dzina lawo, kuyambira tsiku limene anabereka mwanayu, linali Amake Germano. Pamene ankathawa nkhondo kulowera ku Mwanza, iye ali kumsana, anthu pamzere wa ufa ankaitana Amake Germano. Atabwerera n'kupeza nyumba ili phulusa, amene anawathandiza kudula mitengo ankaitana Amake Germano. La Dionísia linatsala kwa ansembe ndi pa khadi ya voti. Ndiye mdzukulu wa Eugénia atafunsa choti alembe ndi utoto wofiira, akanati chiyani?

"Wosunga katundu ndi Mnyungwe, Chinyanja amachimva," anatero Germano. "Anawerenga mokweza, n'kumasulira shefi, akuyesa nthabwala."

Anasendeza mpando, n'kutsitsa mawu.

"Koma njira ilipo. Mugule matumba ena. Tilembe Dionísia Ambrósio, dzina la kwanu. Ine ndili ndi la bambo, palibe angalumikize. Akakufunsani, munene kuti Germano wa pa matumba aja ndi wina. A Germano ndi ambiri. Mawa lomwe kamiyau ifika."

Amayiwo anakoka buku lija, n'kulitembenuza kuti limuyang'ane.

"Zimenezo zili pa tsamba liti?"

"Zimenezo mulibe m'buku."

"Ndiye buku lako lili ndi manyazi kuposa iwe."

"Amayi, ndikufuna kukuthandizani. Zikawola mudya chiyani?"

Funso limenelo linali loona, ndipo linawawawa chifukwa linali loona. Feteleza wa chaka chamawa anali m'matumba amenewo. Malata a kukhitchini analinso momwemo.

Chitseko chinatseguka. Analowa mayi wamng'ono thupi, wa magalasi, nsapato zake zopanda fumbi, ngati amayenda m'mwamba. Germano anadzuka msangamsanga mpaka chikhadi chija chinamumenya pachibwano. Analankhula Chipwitikizi chothamanga, koma amayi ake anagulitsa tomato pamsewu zaka zambiri, anamva zonse: awa ndi senyora wina wa ku Zóbuè, mlimi, akufuna kumatibweretsera mbatatesi.

Senyora wina.

Dona Cármen anawapatsa moni wa nsonga za zala.

"Dzina lanu, mayi?"

Germano anawayang'ana ndi maso omwe aja ankayang'ana nawo ali mwana akanyowetsa mphasa. Iwo anaona matumba ali pabwalo, dzuwa likuwawomba. Anaona kamiyau itaima pansi pa mtengo wa mapeyala, anyamata akukweza. Panangofunika mawu awiri, Dionísia Ambrósio, ndipo onse anali awo ndithu, palibe wakuba.

"Ndine mayi ake a uyu," anatero m'Chipwitikizi chawo cha pamsika. "Sindikugulitsa kanthu. Ndabwera kudzaona mabuku."

Nkhope ya Dona Cármen inawala ngati wapeza mwana wa sukulu wokhoza. Anati zimenezi ndiye zimene amaphunzitsa, kuchita zinthu poyera. Anati Germano ali ndi mwayi. Anatsegula kabati n'kutulutsa kabuku kopyapyala ka alimi ang'onoang'ono, kofotokoza mmene angalembetsere, kuti chaka chamawa pempho lawo liweruzidwe ndi munthu wina osati mwana wawo. Anati akawerenge bwinobwino, muli zambiri zothandiza.

"Muli mankhwala oletsa kuwola?" anafunsa amayiwo m'Chinyanja.

Germano sanamasulire.

Anawaperekeza mpaka pageti. Kumeneko anayesa kulankhula.

"Amayi, mukanangoti..."

"Bwerera, angakudule malipiro a lero. Ukawerenge la m'pulasitiki lija, mwina lili ndi mayi wina woti ugule."

M'shapa kabuku kaja kanagwira ntchito yake: anadzikupiza nako mpaka pamene mphepo ya kumapiri inayamba kulowa pazenera.

Kutacha, kafungo kanali katayamba kale pa thumba la pansi. Anakhuthula, n'kutaya zofewa kwa nkhumba. Zotsalazo zinayenera kupita kumsewu, kukadikira magalimoto a ku Tete, kumene ogula amanunkhiza thumba n'kutchula mtengo wachipongwe, podziwa kuti wotsuka mbatatesi sakana.

Eugénia anabwera ndi ngolo yobwereka, n'kuima akuyang'ana zilembo zofiira zija.

"Alamu, bwanji titembenuze matumbawa, dzina likhale m'kati? Latilodza kokwanira."

"Lisiyeni. Dzina limenelo sindinalitenge m'buku."

Foni ya Eugénia inalira. Anayang'ana, n'kuitambasula.

"Ndi Germano."

"Muuzeni senyora wina watanganidwa."

Anakhala pansi, anakokera thumba pakati pa miyendo, n'kuluma chingwe. Chisingano chinalowa, chinatuluka. Kumbuyo kwawo matumba ena anali akadali yasa, ndipo dzuwa linali litafika kale pa mzere woyamba.