Chuku m'Khola la Kamba

Hadija, mwini kagolosale ka pa Chintheche, ponyamuka kupita ku maliro a mayi ake ku Salima anasiya makiyi ndi kamba m'manja mwa Eliza, mnansi wake. Kambayo anali wa malemu mwamuna wa Hadija, Che Zakaria, amene anamutola pamsewu chigoba chitang'aluka, n'kumulera zaka zisanu ndi chimodzi m'kakhola ka njerwa kuseri kwa nyumba. Chimwalirireni bamboyo, Hadija sankatsegula golosale asanakamuone kamba.

Malangizo anali ochepa. Masamba m'mawa, madzi pang'ono m'kambale, ndipo mchenga wa m'kholamo uzikhala wouma.

Eliza anavomera, koma mumtima ankaona ngati ndi nkhanza. Iye anakulira ku Kande, ndipo nyama za chigoba zimene ankazidziwa zinali nkhasi za m'dambo, zokonda matope. Tsiku lachitatu anathira madzi theka la ndowa m'kholamo, mawa lakenso chimodzimodzi. Mlongo wake atabwera ndi thumba la mankhusu a mpunga kuchokera ku Limphasa, anawayala pamwamba pa mchenga kuti kamba azigona pofewa. Mvula itakula, anafunditsa khola lonse ndi pulasitiki yakuda imene ankafunditsira chinangwa pathandala, n'kumangoponya masamba pakona.

Patatha masabata awiri anaona kuti masamba a dzulo ndi a dzana sanadyedwe. Atavundukula pulasitiki, fungo linamufika kukhosi. Mankhusu onse anali atachita chuku, pena choyera ngati thonje, pena chobiriwira. Kamba anali pakona, maso otupa, timathovu tikutuluka m'mphuno.

Eliza anakhala pa njerwa zonyowazo. Mudzi wonse unkadziwa kuti ufa wa kondowole wa Eliza sunakhalepo ndi kadontho kakuda. Chaka chatha, pachigayo, anaseka mayi wina wobwera ndi chinangwa chachuku, anthu onse akumva.

Masana omwewo Hadija anaimba foni. Anati afika Loweruka, kenako anafunsa za kamba. Eliza anayankha kuti ali bwino, akudya. Atadula foni anatenga mankhusu ouma otsala m'thumba n'kuwawaza pamwamba pa achukuwo mpaka khola linaoneka laukhondo. Kamba anamupukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. Pulasitiki anakaibisa m'khitchini.

Loweruka Hadija anatsika minibasi n'kulunjika kuseri kwa nyumba, chikwama chikadali pamutu. Anayamikira mankhusuwo, nati Che Zakaria akadakondwa. Ndiye ananyamula kamba n'kumuika pafupi ndi khutu. Anamvetsera nthawi yaitali.

"Akupuma ngati munthu wa chifuwa. Mwina ndi ukalamba, kapena wandisowa," anatero motsitsa mawu. "Ndinalakwa kukhalitsa."

Eliza akanatha kungokhala chete. Koma anagwada, analowetsa dzanja m'mankhusu mpaka m'chigongono, n'kutulutsa chibuma chonyowa chakuda.

"Achemwali, si ukalamba. Ndine. Ndinkathira madzi, ndinafunditsa pulasitiki. Zoumazi ndawaza Lachitatu, mutangoimba foni."

Hadija anayang'ana chibumacho, osayang'ana Eliza.

"A Eliza, za madzizo ndamva. Koma Lachitatu mukadandiuza, bwenzi wagona pouma masiku atatu."

Anatula chikwama n'kukatenga fosholo.

Anakumba awiriwo mpaka pa dothi lolimba, n'kukakwirira zonse kutali ndi nyumba. Njerwa anazikwecha ndi madzi otentha. Mchenga watsopano Eliza anakatuta yekha kunyanja, maulendo asanu ndi awiri, koma unali wonyowa ndi mvula. Malo oyanikapo anali amodzi okha. Anatsitsa chinangwa chake pathandala, chisanaume, n'kuyala mphasa, n'kuthirapo mchenga. Amayi opita kumadzi ankaima n'kufunsa ngati chaka chino akudya mchenga. Iye ankawauza zoona, aliyense payekha, ngakhale mayi wa pachigayo uja.

Kamba anagona m'katoni ya sopo m'golosale, dzuwa likatuluka ankamuika pakhonde. Mlangizi wa ziweto anabwera, anamutsuka maso, nati asamukhazike ponyowa ndipo adikire. Masiku anayi kamba sanadye kanthu. Chinangwa cha Eliza, chounjikidwa m'dengu, chinayamba madontho akuda, ndipo sanachibise.

Tsiku lachisanu Hadija anaitana Eliza pampanda. Kamba anali m'khola mwake pa mchenga wouma, diso limodzi lotseguka, khosi lili panja. Hadija anali ndi tsamba la kholowa m'manja, koma m'malo mowerama anapatsa Eliza.

"Mupatseni ndinu."

Eliza anagwada. Anafikitsa tsambalo pamphuno pa kamba. Kamba analinunkhiza, anabweza mutu, kenako analuma kansonga kakang'ono n'kuyamba kutafuna pang'onopang'ono. Eliza anakhalabe chogwada, nkhope ili pansi, mpaka tsamba lonse linatha.