Pensulo Yomwe Inasiya Kufupika

Bambo a Wayilesi anawalanda benchi yawo kuntchito n'kuwapatsa tsache, koma kunyumba sananene. M'mawa uliwonse ankanyamulabe chikwama cha zida, kupachika pensulo kukhutu, n'kutsanzika ngati kale. Akafika ku shopu yokhoma mipando, komwe anakhala mmisiri kuyambira mwana wawo asanamere mano, chikwamacho ankachikankhira kunsi kwa shelefu. Tsiku lonse kunali kusesa utuchi, kuudzaza mu wilibala, kukataya kuseri. Munthu woti akagwira thabwa lokhota limachita kuwongoka ndi ulemu, lero akusesa! Zinkawapweteka mumtima kwabasi.

Chinayambitsa ndi mlomo. Pa nthawi yopuma masana amisiri ankakhala pa mulu wa matabwa n'kumakambirana zandale, poti chisankho chinali pafupi. Bambo a Wayilesi pa mtsutso sankagona ayi. Tsiku lina anakokanakokana ndi a kapitao, omwe ankakonda chipani china, mpaka anzawo anaseka chogwira nthiti. A kapitao okha ndiwo sanaseke. M'mawa mwake anawadikirira pakhomo tsache lili m'manja.

"Paja chipani chanu chimati chidzasesa dziko," anatero a kapitao. "Yambani kusesa muno tione. Ndipo mukapitiriza mlomo wanuwo, mwezi uno ukatha muzikasesa kwanu."

Kuyambira pamenepo bambowo anatseka pakamwa. Kuntchito zii, kunyumba zii. Anafika pochotsa mabatire mu wayilesi ya pabalaza kuti mawu andale asamveke m'nyumba mwawo. Koma anaiwala kuti m'nyumbamo munali wayilesi ina yosafuna mabatire. Ameneyu anali mwana wawo wamkazi wa ku sekondale, yemwe chiyambire kulankhula sanapumepo, n'chifukwa chake aliyense, ndi aphunzitsi omwe, ankangomuti Wayilesi.

Tsiku lina madzulo, dzuwa lisanalowe, mwanayo analowa chothamanga, chikwama cha mabuku chikumumenya kumsana.

"Bambo! Amayi! Andisankha pa mtsutso!"

Mayi ake, omwe ankasoka zovala pakhonde, anaimitsa makina. "Mtsutso wanji, iwe mwana? Yamba wapuma."

Wayilesi anafotokoza. Sukulu yawo inali ndi lamulo loti belu likangolira geti itsekedwe, ndipo wochedwa abwerere kwawo, tsiku lonse liwonongeke. Anzake ochokera kutali, ndi ena oyamba asamalira azing'ono awo asananyamuke, ankabwezedwa pafupipafupi. Tsopano komiti ya sukulu inavomera kumva ophunzira akutsutsana za lamulolo pamaso pa makolo. Iye anali mbali yofuna kuti lisinthidwe. Chofunika chinali chimodzi chokha: wolankhula aliyense abwere ndi kholo lake.

"Ndiye bambo mukakhala kutsogolo, eti? Muvale malaya oyera aja."

Bambo ake ankamasula nsapato. Sanadzutse mutu.

"Sukalankhula," anatero.

"Bwanji, bambo?"

"Ukayenda siya phazi, mwana wanga, ukasiya mlomo ukutsata. Akuluakulu satsutsidwa. Lero akuwombera m'manja, mawa akusunga kukhosi. Iwe phunzira basi, za malamulo uwasiyire eni ake."

Mayi a Wayilesi anawayang'ana amuna awo modabwa. Awa si aja ankatsutsana ndi wowerenga nkhani wa pa wayilesi, munthu woti sakuwamva n'komwe? Koma sanafune kuwafunsa pamaso pa mwana. Wayilesi naye, kwa nthawi yoyamba chibadwire, anazima ngati wayilesi yotha mabatire. Analowa kuchipinda misozi ili lengelenge.

Bambowo mtima unawawawa. Ankadziwa kuti amulakwira mwana. Koma akakumbukira tsache lija, ankadziuza kuti bola alire lero kusiyana n'kudzalira ali wamkulu, ana ali pakhomo.

Lamulungu masana anakhala pakhonde akunola tchizulo chomwe sichinagwire thabwa kwa masabata. Wayilesi anatuluka ndi kachitini n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi awo. Munali tizidutswa ta mapensulo. Mmisiri pensulo yake sichedwa kutha, poti amaisongola pafupipafupi polemba mizere pa matabwa. Ikafupika moti singakhalenso kukhutu, bambowo ankaipereka kwa mwana wawo, ndipo iye ankalembera masamu, ati imabweretsa mwayi. Anayamba zimenezi ali wamng'ono, ndipo sanasiye.

"Bambo, ndifunse?"

"Ukanakhala wopempha chilolezo usanafunse, bwenzi tikupuma m'nyumba muno."

Mwanayo sanaseke. Anatambasula dzanja n'kusolola pensulo ya kukhutu kwa bambo ake. Anaiyika pachikhatho. Inali yaitali, yosongoka bwino, ngati yogula dzulo.

"Iyi ndi yomwe ija munagula mwezi watha. Sinafupike ngakhale pang'ono. Ndipo masiku ano simununkhanso vanishi, mumabwera utuchi uli m'tsitsi. Bambo, kuntchito kukuchitika chiyani?"

Abale, funso la mwana limalasa! Bambowo anayesa kutsokomola, anayesa kuyang'ana kumsewu, koma mwanayo sanawachotse maso. Mayi a Wayilesi anali ataima pakhomo, nsalu ili paphewa. Pamenepo mmisiri wamkulu uja anaika tchizulo pansi n'kuulula zonse: mtsutso wa pa mulu wa matabwa, tsache, ndi mawu a kutha kwa mwezi.

"Ndinachita manyazi," anamaliza motero. "Ndimati ndingosiya ndekha asanandithamangitse."

Akazi awo anakhala pambali pawo n'kuwagwira dzanja. "Abambo ake a mwana, mwasenza zimenezi nokha masiku onsewa? Ife tili pano ngati mipando?"

"Odi kumeneko!" Anali mawu ochokera kuseri kwa mpanda. Anesi, oyandikana nawo nyumba, ankayanika zovala, ndipo mpanda wake unali wofika m'chiuno basi. "Mundikhululukire, makutu alibe chitseko. Ndamva. Ndilowe?"

Mayiwa ankagwira ntchito pa chipatala chaching'ono cha m'deralo, ndiponso anzawo anawasankha kukhala owayimira m'bungwe la anthu apantchito. Anakhala pa mpando womwe bambo a Wayilesi anakhoma okha, n'kuusisita.

"Achimwene, munthu wokhoma mpando uwu n'kumasesa? Ndikufunseni. Munaonongapo katundu? Munajombapo? Mtsutsowo munkachita nthawi ya ntchito?"

"Ayi. Inali nthawi yopuma."

"Ndiye kumeneko ndi kusalana. Malamulo a ntchito salola kuti munthu atsitsidwe kapena kuchotsedwa chifukwa cha chipani chomwe amakonda, monganso salola kumusala chifukwa cha mtundu wake, chipembedzo chake, kapena poti ndi mkazi. Voti ndi yanu, ntchito ndi ya manja anu. Koma mukasiya nokha, adzati munachoka mwa kufuna kwanu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, achimwene."

"Nanga nditani? Ndikamenyane nawo?"

"Aaa, zibakera zatani apa? Kapempheni kuonana ndi eni shopu, a kapitao alipo. Mutenge mboni yomwe inamva mawu aja. Mukalankhule mofatsa. Zikakanika pamenepo, kuli bungwe la apantchito, kulinso ofesi ya boma yoona za ntchito, ndipo ndidzakuperekezani ndine. Koma yambani pafupi."

Bambowo anapukusa mutu. "Vuto langa ndikayamba kulankhula ndimatentha. Tsiku lija ndinawauza a kapitao kuti otsatira chipani chawo ndi nkhosa zongotsata belu."

"Eee, bambo!" Wayilesi anagwira pakamwa. "Ku kalabu yathu ya mtsutso mukanatulutsidwa pompo! Aphunzitsi amati tsutsa mfundo, usatsutse munthu. Unene mfundo yako, upereke umboni, kenako ukhale chete mnzako ayankhe."

"Kukhala chete? Iweyo umakutha?"

"Pa mtsutso pokha," anayankha mwanayo, ndipo onse anaseka, ndi bambo omwe.

Masana amenewo pakhonde panasanduka bwalo. Mayi a Wayilesi anakhala eni shopu, atakhwinya nkhope ngati munthu wa mabizinesi ambiri. Anesi anakhala a kapitao. Wayilesi anagwira supuni ndi chivundikiro cha poto, ndipo bambo ake akangoyamba kukweza mawu kapena kulowa mnzawo m'kamwa, ankagogoda ngwee! Anagogoda kambirimbiri, mpaka ana a nyumba zina anabwera kudzasuzumira.

Mboni inavuta. Amisiri ambiri ankaopa a kapitao. Amene anavomera anadabwitsa aliyense: a Ndevu, opaka vanishi, omwe ankakonda chipani chimodzi ndi a kapitao ndipo ankatsutsana ndi bambo a Wayilesi tsiku ndi tsiku.

"Pa voti sitidzagwirizana mpaka kalekale," anatero a Ndevu. "Koma chiyambire inu kusesa, ndikupaka vanishi mipando yogwedera. Tiyeni."

Eni shopu anali mayi wachikulire amene ankabwera mwa apo ndi apo, zambiri ankasiyira a kapitao. Anawalandira, a kapitao alipo, mu kaofesi kodzaza zitsanzo za nsalu zokutira mipando. Bambo a Wayilesi anaimirira patsogolo pawo. Anagwira pensulo ya kukhutu, n'kukumbukira chivundikiro cha poto.

"Mayi, ndabwera ndi dandaulo," anayamba. "Ndinachotsedwa pa benchi n'kupatsidwa tsache, ndipo ndauzidwa kuti mwezi ukatha ntchito ithanso. Kusesa si ntchito yonyozeka, koma si imene munandilembera. Ngati pali mpando kapena chitseko chomwe ndinaononga, andiuze, ndivomera. Ngati palibe, ndiye kuti ndikulangidwa chifukwa cha maganizo anga pa ndale."

Atatero anatseka pakamwa. Mawu ena ankachita kuwayabwa palilime, koma anawameza.

A kapitao anati munthuyu ndi wamwano, amasokoneza anzake. Eni shopu anafunsa kuti wasokoneza ntchito iti. A kapitao anayang'ana kudenga. Pamenepo a Ndevu anabwereza mawu aja a kusesa dziko, monga momwe anawamvera, osawonjeza kapena kuchotsa.

Mayiwo anavula magalasi. "Ine ndimadabwa kuti makasitomala ayamba kudandaula bwanji. A kapitao, muno timakhoma mipando, sitiwerenga mavoti. Wokhala pa mpando wathu safunsa kuti anaukhoma ndi wa chipani chanji. Mmisiriyu abwerere pa benchi yake lero lomwe, ndipo nkhani ya kutha kwa mwezi ndisaimvenso. Wina aliyense akaona zotere, abwere kwa ine."

Bambo a Wayilesi anathokoza. Kenako anatembenukira kwa a kapitao. "Nanenso ndinalakwa kukutchulani nkhosa. Pepani. Maganizo anga sindinasinthe, koma chipongwe chija ndachibweza."

A kapitao anatambasula dzanja monyinyirika. Sikuti anasanduka mabwenzi tsiku lomwelo ayi, koma tsache linabwerera kwa yemwe ankasesa kale, ndipo masana amenewo shopu inamvanso kulira kwa puleni yopalira matabwa ya mmisiri wake.

Tsiku la mtsutso wa kusukulu, holo inadzaza makolo. Kutsogolo kwenikweni kunakhala bambo wina wa malaya oyera, akununkha vanishi pang'ono. Wayilesi anaimirira, nanena kuti kubweza mwana wochedwa n'kumulanga kawiri, poti wataya kale phunziro loyamba ndipo akumutayitsa ena onse. Mnyamata wa mbali inayo anayankha kuti popanda geti yotseka, aliyense azibwera nthawi yomwe wafuna. Bambo a Wayilesi anangoti nyamu pampando kuti amuyankhe, koma akazi awo anawakoka malaya.

"Khalani pansi, inu! Mukufuna chivundikiro?"

Atamva mbali zonse, a komiti anagamula kuti geti izitsekedwabe, koma wochedwa azilowa m'kalasi, chifukwa chake chimvedwe, ndipo ngati pali chilango achigwire akaweruka. Ana a mbali ziwirizo anagwirana chanza, aphunzitsi aakulu akuwombera m'manja.

Panja, Wayilesi anathamangira bambo ake. Iwo anapisa m'thumba la malaya oyera aja n'kutulutsa kanthu kakang'ono. Kanali kachidutswa ka pensulo, kofupika ngati chala chaching'ono, kosongoledwa mpaka kutsala pang'ono kutha.

"Yatha msanga," anatero. "Ntchito inaunjikana."

Mwanayo anakafumbata m'manja, n'kubisa nkhope pachifuwa cha bambo ake. Wayilesi yosafuna mabatire ija inazima kachiwiri, koma ulendo uno inazima ndi chimwemwe. Atafika kunyumba, bambowo anabwezera mabatire mu wayilesi ya pabalaza.

Phunziro lake nali. Munthu sayenera kutsitsidwa, kuzunzidwa kapena kuchotsedwa ntchito chifukwa cha chipani chomwe amakonda. Zikakuchitikirani musabise ndipo musathawe: uzani a pabanja panu, pezani mboni, kadandauleni mwaulemu kwa akuluakulu a pantchito, ndipo zikakanika pitani ku bungwe la apantchito kapena ku ofesi yoona za ntchito. Ana nawonso tiwalole kulankhula pa malamulo a sukulu yawo. Kusiyana maganizo si udani. Tsutsani mfundo, musanyoze munthu, ndipo mnzanu akamayankha mumvetsereni.