Jekete la Atate ndi Madzi a ku Kanyama

Madzi analowa m'shopu mwanga Lachiwiri lina mu Febuluwale, ine ndili ku Nakonde kukagula nsalu. Pobwerera ndinapeza matope ofika m'mawondo, ndipo akazi anga, amake Tiwo, ataima pakhomo ndi buku lalikulu likudontha ngati chikolopa.

Ine ndine Bornwell Chimbalanga, telala wa ku Kanyama. Funsani aliyense kuyambira ku Chawama mpaka ku Matero. Ndinayenda ine! Ku Dar es Salaam ndinafika, ku Joni ndinakhalako miyezi isanu ndi umodzi, ku Dubai ndinakwera nyumba yaitali mpaka makutu anatseka. Ndinayamba ndi makina amodzi opalasa ndi mapazi, lero ndili ndi asanu a magetsi. Koma chimene chinandipatsa dzina ndi mawu olembedwa pamwamba pa chitseko changa: "Bornwell amayesa munthu kamodzi." Ndikakuyesani ndi tepi yanga, samukirani kulikonse. Mungoimba foni, suti yanu ikwera basi. Mukanenepa, mungondiuza kuti lamba wasuntha mabowo angati.

Miyeso ya anthu oposa mazana asanu ndi atatu inali m'buku lija komanso mu laputopu imene ndinagula ku Dubai. Ndinkadzitama kuti ndinasunga pawiri. Koma zonse ziwiri zinkagona m'kabati imodzi, pashelefu ya pansi.

Laputopu sinandipweteke mtima ngati buku. Analiyamba ndi atate anga, a Isaiah, amene anabwera kuchokera ku Ntcheu ndi mutu wa makina osokera atakulunga m'bulangete. Masamba oyambirira anali a dzanja lawo, zilembo zopendekera ngati chimanga chawombedwa ndi mphepo. Munali miyeso ya aphunzitsi, ya ogwira ntchito kunjanji, ya azibusa amene anagona kalekale. Ndili mwana ndinkawagwirira tepi, iwo akutchula manambala pensulo ili kukhutu. Tsopano pafupifupi zonsezo zinasanduka phala la inki.

Sabata lomwelo anaimba foni a Nchimunya, kasitomala wanga wa ku Solwezi, kufuna suti ya ukwati. Ndikanawauza zoona. Koma munthu wokwera ndege angavomere kuti wagonja ndi matope? Ndinasoka za m'mutu. Chithunzi cha ukwati chitafika pafoni, thalauzi linali litathera pamwamba pa akakolo, masokosi onse pamtunda.

"Ba Bornwell," anatero a Nchimunya, "munaniyesa kamodzi zoona, koma munasokera mufana wanga."

Nkhani inayenda m'komboni monse. Makasitomala anayamba kudutsa pashopu atayang'ana kumbali.

Tsiku lina masana analowa a Chilekwa, mayi wa shopu yoyandikana nafe, amene amakonza mafoni ndi kuphunzitsa za kompyuta pagulu lathu la amalonda.

"Bashi Tiwo, mwaonda bwanji?" anandiseka. "Ku Dubai kuja sibanakuuzeni kuti manzi siyaopa laputopu?"

"Ndigula ina yaikulu," ndinayankha. "Ndiika pamwamba."

"Kawalala nayeve afika pamwamba. Mverani. Kuli kasungidwe kena pa intaneti. Foni yanu iyamba yakhoma vonse na kiyi, kuti munthu asawerenge. Ikakhoma, ividula tuzidutswa twambiri nokutumwaza pa makompyuta ya banthu bosiyanasiyana, ena ku Kenya, ena ku Germany, ena kaya kuti. Palibe munthu umodzi olo kampani imodzi yosunga vonse."

Ndinalumpha. "Miyeso ya m'chiuno ya amayi a kutchalitchi ikaonedwe ku Germany? Mukufuna andiphe?"

"Bazaona chani? Kachidutswa kamodzi, kokhoma futi. Nikakupatsani kolala chabe, mungazibe mwine wa shati?"

Mawu amenewo anandibweza kutali. Ndinakumbukira Kanyama wakale, wa nyumba za zidina ndi madenga opsinjidwa ndi miyala. Masiku amenewo akuba ankasaka makina osokera. Dzuwa likamalowa atate ankamasula mutu wa makina n'kukausiya kwa a Goliati, mnzawo wa kumudzi. Lamba wa makinawo ankapita kwa mayi wina wogulitsa vitumbuwa. Kabobini, kachitsulo kokulungapo ulusi wapansi, kankalowa m'thumba la jekete lawo. M'nyumba munkatsala miyendo yachitsulo yokha. Akuba anathyola chitseko kawiri, n'kungopeza chinthu chosasoka. Anthu ankasungirana katundu nthawi imeneyo, popanda kulemberana kalata.

Ndinawafotokozera a Chilekwa zimenezi, koma ndinaonjeza: "Nzeru ya atate inali ndi chilema. A Goliati atapita kumaliro ku Ntcheu, anakhoma nyumba mutu wa makina uli mkati. Atate anakhala masabata awiri osasoka."

"Apo ndiye pasiyana," anatero a Chilekwa. "Tuzidutswa tupangiwa twambiri kupitilira twamene tufunika. Ba Goliati bena bakayenda kumaliro, botsala bakwanitsa kubweza vonse. Koma kabobini nikanu. Muzapatsiwa mawu twelufu, ndiye kiyi. Mukayataya, na ine siningakuthandizeni. Kulibe ofesi yokalilako. Munthu wina akayaona, wavula makasitomala banu bonse."

Amake Tiwo, amene ankasita kumbuyo, anaika simbi pansi. "Awa? Amataya makiyi a galimoto kawiri pasabata. Mawuwo mundipatse ine."

Anatenga jekete la atate, lomwe lija lonyamula kabobini, limene timalipachika kuchipinda. Anasomola nsalu ya mkati, n'kupeta mawu khumi ndi awiriwo ndi ulusi wofiira, n'kutsekanso bwinobwino. Analembanso mawuwo papepala, n'kulimata mu envulopu imene anakasungitsa kwa mkulu wawo ku Mtendere, kumene madzi safika.

Kenaka inabwera ntchito yochititsa manyazi: kuimbira anthu mmodzimmodzi kuti Bornwell akufuna kuwayesa kachiwiri. Ena ananditukwana, ena anaseka, ambiri anabwera. Aliyense ndinkamuuza kumene miyeso yake ikasungidwe, ndipo ndinkayamba ndapempha chilolezo. Loweruka lililonse tisanatseke shopu, tinkatumiza zatsopano. Pamwezi ndinkalipira kandalama kochepa, kosafika mtengo wa nsalu ya shati imodzi.

Januwale wotsatira mvula inabweranso. Kabati ndinali nditaikweza pa mabuloko anayi, ndikudzitama kuti madzi abwere tione. Anabwera, koma anadzera kumwamba. Mphepo inasasula lata, madzi n'kukhuthukira pa laputopu yatsopano ndi foni yanga zili patchaji. Zonse zinafa.

Patebulo panali nsalu ya madiresi khumi a operekeza ukwati wa Gloria, mwana wa abusa athu. Atsikanawo ndinawayesa pa Khirisimasi, kenaka anabalalika, ena ku Kitwe, ena ku Chipata, awiri ku Joni. Ukwati unatsala masiku asanu ndi anayi. Kulakwitsanso kamodzi, chikwangwani chija ndikanachitsitsa ndekha.

Amake Tiwo anapita kunyumba, n'kubwera ndi jekete ndi lezala. A Chilekwa anaika pulogalamu ya kasungidwe kaja pafoni ya amake Tiwo, kenaka anatembenukira kukhoma.

"Lembani mweka," anatero. "Ine sinifunika kuyaona."

Ndinalemba mawuwo limodzilimodzi, fungo la jekete la atate lili m'mphuno. Netiweki inazungulira, inazungulira. Kenaka maina anayamba kutsika: Banda, Bwembya, Chanda, mpaka Zulu. Operekeza onse khumi analipo. Anasowa anthu atatu okha amene ndinawayesa Lolemba, chifukwa Loweruka linali lisanafike. Kuyambira pamenepo timatumiza tsiku lililonse.

Madiresi anakwera mabasi, ndipo pa ukwati panalibe pini ngakhale imodzi. Patapita mwezi a Nchimunya anaimba. "Namvera mbiri, mudala. Nisokereni ina, koma yofika pansi." Inafika.

Buku la atate silidzabwerera. Masamba atatu amene anauma bwino ndinawajambula, nawonso ali m'tizidutswa kumaiko amene ngakhale ine sindinafikeko, ndipo maiko oterowo ndi ochepa. Musavutike kusaka jekete lija. Mawuwo tinawasamutsa kale.

Anzanga amalonda, phunziro ndi ili. Zolemba zofunika za bizinesi yanu musazisunge pamalo amodzi, ngakhale zitakhala ziwiri m'kabati imodzi. Zikhomeni musanazitumize, zimwazikane pamakompyuta ambiri, ndipo muzitumiza zatsopano kawirikawiri. Funsani munthu wodziwa akuthandizeni kusankha njira yodalirika, koma mawu a kiyi musamuonetse. Asungeni m'malo awiri obisika ndi ouma. Atate anagawira anansi makina onse, koma kabobini sanampatse munthu.